Nthano ya Zithunzi M'kalasi

Aphunzitsi anzanga amandifunsa kuti nthano ya zithunzi n'chiyani. Ndi nkhani yokambidwa ndi zithunzi za kamera: anthu enieni amachita sewero, ndipo mawu awo amalembedwa m'timabwalo pamwamba pa mitu yawo. Lusoli linatchuka ku Italy kuyambira 1947, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kampani ya Drum inkatulutsa African Film, magazini ya nkhani za Lance Spearman.

M'kalasi foni imodzi ikwanira. Ine ndimagawa ana m'magulu: ena alembe, ena asewere, wina ajambule. Koma asanagwire foni, ayambe alemba mabokosi papepala n'kugwirizana zimene zikhale m'bokosi lililonse. Apa ndi pamene pagona phunziro. Kabwalo sikalola mawu ambiri, choncho mwana wokonda kulemba zambirimbiri amakakamizika kusankha mawu ochepa ofunikira. Anawo amatsutsana mpaka thukuta kamukamu! Ndipo mwana wamanyazi, wosayankha m'kalasi, kawirikawiri ndiye amasanduka katswiri wa kamera.

Chonde, musajambule mwana makolo ake asanavomere, ndipo zithunzizo zisapite pa Facebook. Zisindikizeni, muzimate pakhoma, ana alembe okha mawuwo pamanja.