Nyumba ya Odwala Chifuwa Inasanduka Hotela ya Olemera

Amene amadandaula ndi mphepo ya ku Ulongwe m'mwezi wa Juni amve za phiri la Serra da Estrela, ku Portugal. Nsonga yake, yotchedwa Torre, ili pa mamita 1,993, ndipo nthawi yozizira chipale chimakwirira miyala ndi msewu womwe. Kumeneko ndi kumene kuli malo okhawo m'dzikomo ochitira masewera a ski: munthu amamanga timatabwa tiwiri titalititali kumapazi n'kutsetsereka nato pachipale. Pobwerera pamwamba sayenda ayi, makina okoka ndi chingwe amamukweza.

Chakumunsi, pafupi ndi mzinda wa Covilhã, pali hotela ya Pousada da Serra da Estrela, ya zipinda 92. Mlendo akachoka kokasewera amapeza chipinda chofunda, dziwe losambira la m'nyumba, ndi tchizi wa mkaka wa nkhosa za m'phirimo, amene amamuumitsa ndi duwa la chitsamba chaminga. Panja mphepo ikulira, iye ali chikhalire pawindo ndi vinyo wake.

Komatu nyumbayi sanaimangire anthu osangalala. Inatsegulidwa mu 1944 ngati chipatala cha anthu ogwira ntchito kunjanji amene ankadwala chifuwa chachikulu. Masiku amenewo madokotala ankakhulupirira kuti mpweya wouma wa kuphiri umachiza, choncho odwala ankagonekedwa pakhonde lalitali, atafunda mabulangete, miyezi ndi miyezi. Mankhwala a chifuwa atafala, chipatalacho chinatsekedwa.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. Angola ndi Mozambique atalandira ufulu mu 1975, Apwitikizi ambirimbiri anabwerera kwawo, ena opanda pogona. Ena mwa iwo anaikidwa m'chipatala chakale chija. Taganizani, munthu wozolowera dzuwa la Afirika, mwina wobadwira konkuno, kudzuka m'mawa n'kupeza bwalo lonse layera mbee! Iwo atachoka, nyumbayo inakhala bwinja zaka zambiri, denga likugwa, mpaka mmisiri wotchuka Eduardo Souto de Moura anaikonzanso. Inatsegulidwa ngati hotela mu 2014.

Chimene ndalama sizingagule ndi chipalecho. Zaka zina chimachedwa, zina chimagwa n'kusungunuka m'masiku ochepa, makina okweza anthu n'kuima. Mu Ogasiti 2022 moto wolusa unatentha mahekitala oposa 20,000 a phirili, msipu wa nkhosa zopereka tchizi uja n'kupsera limodzi.