Bawo ndi tsoro: nkhondo ya pathabwa m'mafamu a ku Mashonaland

Ambiri amaona bawo ngati masewera otayitsa nthawi, koma malamulo ake ndi a nkhondo: pali magulu awiri oyang'anizana, mzere wakutsogolo umene uyenera kutetezedwa, ndiponso asilikali osungidwa pambali kudikira nthawi yawo. Masewerawa adafika ku Malawi kudzera mwa Ayao, amene ankachita malonda ndi Aswahili a m'mphepete mwa nyanja ya Indian Ocean. Pofika 1913 adali atakhazikika kale moti Meredith Sanderson, dokotala wa boma la atsamunda ku Nyasaland, adalemba malamulo ake.

Thabwa la bawo lili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, ndipo nkhomo zonse ndi 64, aliyense zake 32. Pa kaseweredwe ka ku Malawi, munthu amayamba ndi nkhomo 12 zokha pathabwa. Zina 20 amazisunga m'manja n'kumalowetsa imodziimodzi. Amene mzere wake wakutsogolo watheratu, kapena wasowa poyendera, ndiye wagonja.

Kuchoka ku Nyasaland, amuna zikwizikwi adapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, ena pansi, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito limene linkadziwika kuti Mthandizi. Ochuluka adathera m'mafamu a fodya ozungulira Karoi, Banket, Mvurwi ndi Marondera, kumene adapita ndi gule wamkulu, beni, chiyankhulo chawo komanso bawo. Kumeneko adapeza eni nthaka, Ashona, ali ndi masewera awoawo otchedwa tsoro, apachibale ndi nsolo ya ku Zambia ndi nchuwa ya ku Malawi.

Poyang'ana patali tsoro ndi bawo n'zofanana, pakuti zonse zili ndi mizere inayi. Kusiyana kuli pa kadyedwe. Pa tsoro, miyala imene wadya imachotsedwa ndipo sibwereranso, ngati asilikali ofera kunkhondo. Pa bawo, nkhomo zimene wadya umazifesa kumbali yako, choncho wogwidwa amasanduka msilikali wako nthawi yomweyo. Ichi n'chimene chimapangitsa bawo kukhala lovuta kwambiri: kudya kumodzi kungabale kudya kwina kangapo, thabwa lonse n'kusintha maonekedwe. Alexander de Voogt, amene adafufuza akatswiri a masewerawa ku Zanzibar m'buku lake la 1995, adaonetsa kuti luso lawo lagona pa kuwerengera m'mutu mayendedwe ataliatali otere asanagwire nkhomo.

Luso lotere siliphunziridwa m'buku. Limafuna kuti mnyamata akhale pambali pa akuluakulu madzulo ambiri, ndipo m'mafamu malo ake adali komboni. Boma litayamba kulanda mafamu a azungu mu 2000, antchito ambiri adachotsedwa ntchito ndipo makomboni ambiri adabalalika. Lamulo la unzika la 2001 lidasiya ana ndi zidzukulu za Amalawi ambiri opanda dziko, mpaka malamulo oyendetsera dziko a 2013 adazindikira kuti wobadwira ku Zimbabwe, wokhala ndi kholo lochokera m'dziko la SADC, ndi nzika.

Pa masewera awiriwa, tsoro ndiye sivutika ndi kusamuka, chifukwa imangofuna maenje okumba pansi ndi timiyala, ndipo oidziwa ali ponseponse m'midzi ya Ashona. Bawo, ndi malamulo ake ochuluka, limadalira kuti kumene banja lakakhala kupezekenso wina wowadziwa bwino malamulowo.