Anthu amene amadyera pa mlalang'amba wa M87

Pa 10 Epulo 2019 manyuzipepala a m'mayiko ambiri anatulutsa chithunzi chimodzimodzi: mkombero wowala mofiirira, pakati pake pali bii. Chinali chithunzi choyamba cha dzenje lakuda, chinthu chimene mphamvu yake yokoka ndi yaikulu moti ngakhale kuwala kukalowamo sikutuluka. Dzenjelo lili pakatikati pa mlalang'amba wotchedwa M87, kutali kwakuti kuwala kochokera kumeneko kumatenga zaka pafupifupi 55 miliyoni kuti kutipeze. Ambiri poona chithunzicho anaganiza za katswiri mmodzi wokhala yekha usiku, diso lili pa telesikopu. Kagwiridwe ka ntchito kameneko kanatha kalekale. Masiku ano M87 amadyetsa magulu angapo a antchito, gulu lililonse limaona kachigawo kake, ndipo sikuti amagwirizana nthawi zonse.

Charles Messier wa ku France anaulemba mlalang'ambawu m'kaundula wake mu 1781, pa nambala 87. Iye ankasaka nyenyezi za mchira, ndipo kaundulayo anali wa tinthu tambuu timene tinkamusokoneza. Mu 1918 Heber Curtis wa ku Lick Observatory ku California anaona kamzere kowala kotuluka pakati pake, ndipo mu 1949 John Bolton, Gordon Stanley ndi Bruce Slee ku Australia anapeza kuti mafunde amphamvu a wailesi amachokera komweko. Kuyambira pamenepo ntchito inayamba kugawikana.

M87 ndi wosiyana ndi mlalang'amba wathu. Wathu ndi wophwatalala, nyenyezi zake zimazungulira mbali imodzi, ndipo uli ndi gasi wozizira wobalira nyenyezi zatsopano. M87 ndi chimpira cha nyenyezi zokalamba zimene zimayenda iliyonse njira yake, ngati ngumbi zozungulira nyali. Apa ndi pamene pali ntchito ya gulu loyamba, la oyeza mayendedwe a nyenyezi. Anthuwa sangaone nyenyezi imodziimodzi. Amatenga kuwala kwa nyenyezi zambirimbiri pamodzi, n'kukumwaza m'mitundu yake ndi makina, kenako n'kuyang'ana timizere takuda topezeka m'mitundumo. Nyenyezi yobwera kuno imasunthira timizereto mbali ina, yopita uko mbali inanso, choncho nyenyezi zikamathamanga kwambiri timizereto timanenepa. Kunenepako ndiko kumawauza kulemera kwa chinthu chimene chikuzikoka. Mu 1978 Wallace Sargent, Peter Young ndi anzawo anati pakati pa M87 pali chinthu chosaoneka cholemera kuwirikiza dzuwa pafupifupi ka 5 biliyoni. Anzawo ena anakayika, ndipo chifukwa anali nacho: nyenyezi zikamayenda molunjika pakati n'kubwerera, m'malo mozungulira, timizere timanenepabe popanda dzenje lililonse.

Gulu lachiwiri linadzera njira ina. Mu 1994, telesikopu ya Hubble itangokonzedwa kumene, Holland Ford ndi Richard Harms anaona kachimbale ka gasi kozungulira pakati penipeni, mbali ina ikubwera, ina ikupita, pa liwiro la makilomita mazanamazana pa sekondi. Njira yawo inkaoneka yachidule komanso yosakayikitsa. Koma magulu awiriwa atapitiriza kuyeza, mayankho awo anatalikirana. Mu 2011 Karl Gebhardt ndi anzake, poyeza nyenyezi, anapeza kulemera kowirikiza dzuwa ka 6.6 biliyoni. Mu 2013 Jonelle Walsh ndi anzake, poyeza gasi, anapeza 3.5 biliyoni. Onsewa ndi akatswiri osamala, zipangizo zawo zinali zabwino, koma wina anapeza pafupifupi theka la zimene mnzake anapeza.

Ine ndimaona kuti mkangano umenewu ndiwo umaonetsa ntchitoyi mmene ilili, kuposa chithunzi chotchuka chija. Palibe amene angapite kukaika dzenjelo pa sikelo. Woyeza aliyense amayamba ndi kuganizira mmene zinthu ziyenera kuyendera, n'kuuza kompyuta kuti iyese njira zikwizikwi mpaka ipeze yofanana ndi zimene telesikopu yaona. Usiku wa pa telesikopu ukhoza kukhala umodzi kapena uwiri, koma kulimbana ndi kompyuta kumatha zaka. Ndipo cholakwika chikakhalapo, nthawi zambiri sichikhala m'makina ayi, chimabisala m'ganizo loyambira lija. Oyeza gasi ankawerengera ngati kuti gasiyo amazungulira mwadongosolo m'chimbale chopyapyala, pamene gasi ndi chinthu chokankhika, chotha kuwomberedwa kunja ndi mphamvu za pakatipo. Nyenyezi sizikankhika choncho.

Pali enanso amene nyenyezi alibe nazo ntchito kwenikweni. M87 ali pakati pa khamu la milalang'amba yoposa 1,000 lotchedwa Virgo, ndipo wakutidwa ndi gasi wotentha madigiri oposa 10 miliyoni. Gasi wotere maso samuona, amatulutsa ma X-ray, omwe sadutsa mpweya wa dziko lathu. Choncho akatswiri ake amadalira telesikopu ya Chandra, imene inatumizidwa kuthambo mu Julaye 1999. Iwowa sakwera phiri kapena kugona panja. Amalemba pempho, amadikira, ndipo akapatsidwa nthawi amalandira mndandanda wa timiyezo ta kuwala tolembedwa kamodzikamodzi. Funso limene linkawasowetsa tulo linali lakuti, popeza gasiyo akutaya kutentha, bwanji sakuzizira n'kugwera pakati n'kubala nyenyezi zatsopano? William Forman ndi anzake anapeza m'zithunzi za Chandra matumba opanda gasi ndi mafunde aakulu ofalikira kunja. Zinaoneka kuti dzenje lakuda likameza gasi pang'ono limalavula mphamvu kudzera m'kamzere kaja ka Curtis, mphamvuyo n'kutenthetsanso gasi wozungulira. Ndiye kuti dzenjelo limadzichepetsera lokha chakudya, komanso limaletsa mlalang'amba wonse kubala.

M'mphepete mwa mlalang'ambawu muli ofukula mbiri. Mu 2015 Alessia Longobardi, yemwe nthawiyo anali wophunzira wa digiri ya PhD ku Garching m'dziko la Germany, pamodzi ndi Magda Arnaboldi ndi Ortwin Gerhard, anayeza liwiro la timitambo pafupifupi 300 totsala pamene nyenyezi zikufa, pogwiritsa ntchito Very Large Telescope ya ku Chile. Tina mwa timitamboto tinkayenda mogwirizana, mosiyana ndi tinzake, umboni wakuti M87 anameza mlalang'amba wina wocheperapo m'zaka 1 biliyoni zapitazi. Onani kuti wotsogolera kafukufukuyo anali wophunzira. Zimenezi si zachilendo: ntchito yotopetsa yoyeza chinthu chimodzichimodzi imagwera ophunzira ndi amene angomaliza kumene, omwe amalembedwa pa kontirakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu, ikatha n'kulongedza katundu kupita dziko lina. Malo okhazikika m'mayunivesite ndi ochepa poyerekeza ndi owafuna, ndipo ambiri amathera ku makampani a zamakompyuta, kumene luso lawo losanthula manambala limalipidwa bwino.

Chithunzi cha 2019 chinafuna antchito a mitundu yambiri kuposa onsewa. Mu Epulo 2017 matelesikopu 8 a mafunde a wailesi, ku Chile, Hawaii, Mexico, Arizona, Spain ndi ku South Pole, anagwira ntchito usiku womwewomwewo ngati chipangizo chimodzi, pansi pa gulu la Event Horizon Telescope lomwe nthawiyo linkatsogozedwa ndi Sheperd Doeleman. Chinyezi cha mumpweya chimameza mafunde a mamilimita 1.3 amene ankafuna, motero panafunika olosera zanyengo onena usiku umene kumwamba kudzayere m'malo onsewo nthawi imodzi. Pa telesikopu iliyonse panali wotchi ya atomu yolemba nthawi imene funde lililonse lafika, ndi mainjiniya oiyang'anira. Zojambulidwazo zinachuluka moti intaneti sikanatha kuzinyamula. Anaziika m'ma hard drive odzazidwa ndi gasi wa helium, chifukwa wamba ankafa pamwamba pa mapiri pomwe mpweya ndi wochepa, ndipo anazitumiza pa ndege ku Haystack Observatory ku Massachusetts ndi ku Max Planck Institute ya ku Bonn. Za ku South Pole zinadikira mpaka Disembala, poti m'nyengo yachisanu ndege sizitera kumeneko.

Pofika pojambula chithunzicho, anadzikayikira okha mwadala. Anagawa akatswiri m'magulu anayi osaloledwa kuonetsana ntchito, kuopa kuti aliyense angajambule mkombero chifukwa choti ndi umene ankayembekezera. Atakumana mu Julaye 2018, magulu onse anali ndi mkombero wofanana. Kukula kwake kunasonyeza kulemera kowirikiza dzuwa ka 6.5 biliyoni, kutanthauza kuti oyeza nyenyezi ndiwo anayandikira choona. Mphoto ya Breakthrough ya madola 3 miliyoni, imene inaperekedwa chifukwa cha ntchitoyi, inagawidwa mofanana kwa anthu 347.

Koma mayina 347 amenewo si onse. Telesikopu ya ALMA, imene inali yamphamvu kuposa zinzake zonse pa ntchitoyi, ili ndi madishi 66 m'chipululu cha Atacama ku Chile, pamalo okwera mamita 5,000. Okonza makina kumeneko amanyamula mpweya wa okosijeni, madalaivala amasamutsa madishi olemera matani pafupifupi 100 pa zimagalimoto ziwiri zopangidwira ntchito yomweyo, ndipo pansi pa phiri pali ophika, osesa ndi a chipatala, onse okhala masiku angapo kutali ndi mabanja awo. Mu 2013 antchito a ku ALMA ananyanyala ntchito kwa milungu yoposa iwiri pofuna malipiro oyenerana ndi malo ovutawo, ndipo telesikopu yonse inaima.

Kuno kum'mwera kwa Africa ntchitoyi si nkhani ya kutali monga kale. Matelesikopu a H.E.S.S. ku Namibia anaona kuwala kwa mphamvu yoopsa kochokera ku M87 kukusinthasintha m'masiku ochepa chabe, ndipo pali dongosolo lomanga Africa Millimetre Telescope m'dziko lomwelo kuti ilowe m'gulu la Event Horizon Telescope, lomwe mu 2017 linalibe dishi ngakhale imodzi mu Africa. South Africa inatsegula MeerKAT, ya madishi 64, mu 2018. Zambia ndi Mozambique zili m'gulu la mayiko a mu Africa othandizana nawo pa telesikopu yaikulu ya SKA, ndipo ophunzira a m'mayiko amenewa akhala akuphunzitsidwa za matelesikopu a wailesi kudzera m'pologalamu ya DARA yoyendetsedwa ndi yunivesite ya Leeds. Wofuna kulowa amafunika masamu, fizikisi ndi luso lolemba mapologalamu a kompyuta, kapena maphunziro a zamagetsi ndi zamakina ngati akufuna kukhala mbali ya okonza madishi.