Ziwerengero za umoyo zikabwerera kwa eni ake: phunziro la ku Nairobi

Ku Korogocho, Kibera, Mathare ndi Mukuru, nyumba zambiri ndi zamalata, zothinana, ndipo anthu amasamuka pafupipafupi. Chipatala chikafuna kudziwa ana amene sanalandire katemera kapena amayi oyembekezera amene sakupita kusikelo, chimadalira anthu oyenda khomo ndi khomo, ofanana ndi alangizi a zaumoyo a kwathu ku Malawi.

Dziko la Kenya linakhazikitsa ndondomeko ya zaumoyo wa m'madera mu 2006, ndipo kwa zaka zambiri ntchitoyi inali yongodzipereka. Mu 2023 boma la William Ruto linawatcha Community Health Promoters, n'kuwalonjeza 5,000 shillings pamwezi, foni, komanso makina oyezera BP ndi shuga. Aliyense amayang'anira mabanja pafupifupi 100, ndipo zimene wapeza amalemba pa foni mu dongosolo la eCHIS.

Chofunika kwambiri n'chakuti ziwerengerozi zisamangopita ku maofesi. Zimalembedwanso pa bolodi la m'dera, ndipo pa masiku a zokambirana anthu amaziona pamodzi: ana angati anatsegula m'mimba, mabanja angati alibe chimbudzi, amayi angati anachirira kuchipatala. Akagwirizana, amasankha tsiku logwira ntchito, monga kutsegula ngalande zotsekeka.

Njira imeneyi si yachilendo ku Nairobi. Bungwe la APHRC linayamba kutsata umoyo wa anthu a ku Korogocho ndi Viwandani mu 2002. Mu 2009 achinyamata a Map Kibera anajambula okha mapu a dera lawo, kusonyeza zipatala, mipopi ndi zimbudzi. Ku Mukuru, anthu a Muungano wa Wanavijiji anawerenga nawo nyumba ndi mabanja, ndipo mu 2017 derali linalengezedwa kukhala malo ofunika mapulani apadera.

Monga wa zamankhwala, ndimaona phindu lake pa shelefu. Mankhwala amaitanitsidwa molingana ndi manambala. Odwala BP akapanda kulembedwa, mapiritsi amatha mwezi usanathe, ndipo wodwala amagula ochepa pa kagolosale kapena kungosiya kumwa. N'chimodzimodzi ndi ORS ndi zinc nthawi ya mvula.

Ngati mukukhala ku Nairobi, mulandireni mlangizi akagogoda. Muonetseni makadi a katemera ndi mapaketi a mankhwala amene mukumwa, ndipo mufunseni kumene zimene walemba zikupita. Tsiku la zokambirana likafika, pitani mukamve zimene manambala akunena za dera lanu.