Netiweki ikadzaza, ndani adikire?

Mu Okutobala 1986, liwiro la uthenga pakati pa Lawrence Berkeley Laboratory ndi yunivesite ya California ku Berkeley, malo oyandikana kwambiri, linatsika kuchoka pa mabiti 32,000 kufika pa 40 okha pa sekondi. Waya sunaduke ayi. Makompyuta ankangotumizanso mapaketi (tizidutswa ta uthenga) amene anatayika, ndipo kubwerezako kunkawonjezera kuthithikana.

Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa imaonetsa mmene intaneti imayendera. Njira yake ndi ya datagram: paketi iliyonse imanyamuka payokha, osapempha malo, ndipo rauta, makina olondolera mapaketi, ikadzaza imataya otsalawo. Mu 1988 Van Jacobson anafotokoza mankhwala a kuthithikanaku mu TCP, ndondomeko yotumizira uthenga pa intaneti. Wotumiza ayambe pang'ono, azionjezera liwiro mayankho akamabwera, koma paketi ikatayika alichepetse ndi theka. Netiweki siletsa aliyense kulowa, imadalira kuti otumizawo adziletse okha.

Njira ya virtual circuit, monga ya manetiweki a mtundu wa ATM, imayamba ndi kupempha. Uthenga usanachoke, maswichi onse a panjira amagwirizana ndi kusungiratu malo. Malo akasowa, wobwera kumene amakanidwa, monga basi yodzaza imene siimanso pasiteji. Amene alowa kale amayenda bwino.

Ine mtima wanga uli ku datagram, ngakhale imataya mapaketi. Uthenga wa makompyuta umabwera modukizadukiza, ndipo malo osungidwiratu nthawi zambiri amakhala opanda ntchito pamene wina akukanidwa. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mapulogalamu otumiza kudzera pa UDP m'malo mwa TCP osachepetsa liwiro, chifukwa amalanda gawo la anzawo odziletsa.