Msonkho wa ku America: si chilichonse cholembedwa ndi boma chomwe chili lamulo

Pofika pa 15 Epulo chaka chilichonse, anthu a ku America amayenera kupereka ku boma mafomu osonyeza ndalama zomwe apeza ndi msonkho woyenera kulipira. Amalawi amene ali ndi unzika wa dzikolo kapena chiphaso cha green card nawonso lamuloli limawakhudza, ndipo limawerengera ndalama zomwe apeza kulikonse padziko, ngakhale lendi ya nyumba yomwe adasiya ku Lilongwe. Wofuna kudziwa chomwe lamulo likunena ayenera kuzindikira kaye kuti zikalata za msonkho kumeneko zimasiyana mphamvu.

Pamwamba pa zonse pali Internal Revenue Code, lomwe ndi gawo 26 la buku la malamulo a dzikolo. Nyumba ya malamulo ya Congress idasonkhanitsa malamulowa koyamba mu 1939, ndipo idawalembanso mwatsopano mu 1954 ndi mu 1986. Pansi pake pali malamulo aang'ono omwe unduna wa za chuma, Treasury, umalemba pofotokozera lamulo lalikululo. Kenako pamabwera zigamulo za bungwe lotolera misonkho la IRS, zomwe zimatuluka sabata iliyonse mu Internal Revenue Bulletin. Kalata imene IRS yayankha munthu mmodzi pa nkhani yake imateteza mwini wake yekhayo. Wina sangaigwiritse ntchito ngati chigamulo pa mlandu wake.

Timabuku tomwe IRS imalembera anthu wamba, monga Publication 17 kapena Publication 519 ya anthu obwera, n'tosavuta kumva koma si lamulo. Mlandu wa Bobrow, womwe bwalo la United States Tax Court lidagamula mu 2014, udaonetsa poyera zimenezi. Nkhani idali ya maakaunti osungiramo ndalama za ukalamba otchedwa IRA. Munthu akatapa ndalama mu akaunti yotere n'kuzibwezera pasanathe masiku 60 salipira msonkho, koma mwayiwu ndi wa kamodzi pa miyezi 12. Kabuku ka IRS, Publication 590, kankanena kuti malirewo ndi a akaunti iliyonse payokha. Bwalo lidawerenga lamulo lenilenilo n'kupeza kuti kamodziko n'ka maakaunti onse a munthuyo pamodzi. IRS idasintha malangizo ake ndipo idayamba kutsatira chigamulocho mu Januwale 2015.

N'chifukwa chake maloya ndi akatswiri owerengera ndalama amafufuza motsata ndondomeko. Amayamba ndi mabuku ofotokozera, monga Standard Federal Tax Reporter ya CCH, Federal Tax Coordinator yopezeka pa Checkpoint, kapena Tax Management Portfolios za Bloomberg. Mabukuwa amawalozera ndime ya lamulo yokhudza funso lawo. Akatero amawerenga okha ndimeyo, malamulo a Treasury ndi zigamulo za makhoti. Pomaliza amatsimikiza ngati chigamulo chomwe apeza chidakali ndi mphamvu, pogwiritsa ntchito KeyCite pa Westlaw kapena Shepard's pa Lexis, zida zomwe zimaonetsa ngati bwalo lalikulu lidachitembenuza pambuyo pake.

Kutsimikizaku n'kofunika chifukwa malamulowa sachedwa kusintha. Lamulo la mu 2017 lidatsitsa msonkho wa makampani kuchoka pa 35 kufika pa 21 peresenti. Mu Juni 2024, pa mlandu wa Loper Bright, bwalo lalikulu la Supreme Court lidathetsa mfundo ya mu 1984 yoti oweruza azigonjera matanthauzidwe a nthambi za boma pomwe lamulo silikumveka bwino. Buku lomwe lidasindikizidwa zimenezi zisadachitike likhoza kusocheretsa munthu.

Malo olipira pa intanetiwa ndi okwera mtengo, koma malamulo enieniwo amapezeka mwaulere. Legal Information Institute ya sukulu ya zamalamulo ya Cornell ili ndi Internal Revenue Code yonse, govinfo.gov ili ndi malamulo a Treasury, pomwe tsamba la Tax Court lili ndi zigamulo zake. Amene walandira kalata ya IRS yomuuza kuti adalipira msonkho wopelewera ali ndi masiku 90 okadandaula ku bwaloli asadalipire, kapena masiku 150 ngati kalatayo yatumizidwa kunja kwa America. Masikuwa akadutsa, njira yomwe imatsala kawirikawiri ndi yoyamba walipira kenako n'kukasuma kuti ndalamazo zibwezedwe.