Wopopera Mankhwala Atetezedwe

Nyengo yopopera mankhwala m'minda ya thonje ku Chikwawa ndi Salima, ndiponso m'maesiteti a fodya ku Kasungu, moyo wa wantchito umakhala pachiswe. Mankhwala monga dimethoate amaloŵa m'thupi kudzera pakhungu ndi m'mphuno. Munthu amayamba kumva mutu, kutuluka thukuta ndi dovu, ndiponso kusanza. Zikatero avule zovala, asambe ndi sopo, ndipo athamangire naye kuchipatala pamodzi ndi botolo la mankhwalawo.

Lamulo la mankhwala ophera tizilombo linakhazikitsidwa m'chaka cha 2000, koma kulitsata kuli m'manja mwa eni minda. Kapitao amene amangoŵerengera mgwazo amaumiriza wantchito kupopera dzuŵa lili paliwombo, mphepo ikumubwezera mankhwala kumaso. Wantchito wotere amagwira monyinyirika nalumpha mizere, ndipo mbozi zimatsala.

Choncho eni minda apereke maovololo, jombo, magolovesi, zotchinga kukamwa, sopo ndi madzi. Wantchito akaona kuti moyo wake ukuŵerengeredwa, amaikirapo mtima.

Inu alangizi ndi aphunzitsi, chenjezani makolo ndi ana kuti asasungire madzi kapena mchere m'mabotolo a mankhwala. Dziko limatukuka ndi anthu athanzi.